Manyazi a Mpongozi Panjira ya Nkhosa

Kwathu ku Dowa munthu sayenda popanda kumene akupita. Ukaona wina akukwera phiri ndiye kuti mbuzi yasowa, kapena akukakumba mankhwala, kapena mutu wayamba kusokonekera. Ine ndinayenda pansi mokwanira ndili mtsikana, kuchigayo, kumsika, kuchipatala, ndipo nditafika ku Wolverhampton n'kupeza basi ikuima pafupi ndi khomo, ndinalumbira kuti mapazi anga apuma. Lumbirolo ndinalisunga zaka zambiri, mpaka mwana wanga wamkazi anabweretsa pakhomo munthu woyenda pansi mwadala.

Mwanayu ndi mmodzi yekhayo. Anabadwira konkuno. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale, ndipo tinatsala awiriwiri, ine kumashifiti kunyumba yosamalira okalamba, iye kusukulu. Chichewa amamva chonse, makamaka chokalipira, koma amayankha m'Chingerezi. Atayamba ntchito ku Birmingham ndi komwe anakumana ndi mzungu wamtali, wofatsa, wamakutu ofiira, amene lero ndi akamwini anga.

Akamwiniwo ali ndi nthenda imodzi, nthenda ya mabwinja. Anzawo akatenga tchuthi amakagona pamchenga n'kumamwa zozizira. Iwo amakwera ndege kupita kuzipululu za kumalire a mayiko, kopanda madzi ngakhale mthunzi, n'kumayenda ndi chikwama kumsana kukaona makoma akugwa a anthu amene ankakumba miyala kalekale n'kuthawako. Amabwerako atapsa ngati mbatata yootcha, foni itadzaza zithunzi za zitini zadzimbiri. Kwathu bwinja timalilambalala. Pamene anthu anasamukapo panali chifukwa, ndipo wanzeru sapita kukachifunafuna.

Asanabwere iwowa, pakhomo panga panadutsa anyamata ena awiri. Woyamba anali wathalauza logwera m'matako. Ndinkamutuma kukataya zinyalala, ndipo ndinamufunsa maso ali gwa ngati kwawo malamba anatha. Wachiwiri ankadya ngati watuluka kundende dzulo, koma ndinkakhala naye patebulo limodzi n'kumaseka naye, chifukwa ndinkadziwa kuti ndi mphepo yongodutsa. Koma awa, tsiku loyamba lomwelo anavula nsapato pakhomo popanda wowauza, ndipo mwana wanga akamayankhula ankamumvetsera mpaka amalize, chinthu chimene ngakhale ine chimandikanika. Ndinaona mmene mwanayo nkhope inamasukira ali pambali pawo. Mtima unandiuza kuti mwini wake ndi ameneyu. Nthawi yomweyo manyazi anandigwira thupi lonse. Ndinaika tiyi patebulo nkhope ili kumbali, n'kuthawira kukhitchini.

Kumudzi kwathu mayi ndi mwamuna wa mwana wake amapewana. Sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sapatsana chanza, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Ndiwo ulemu waukulu umene mayi angapereke kwa mwamuna. Ine zambiri zakwathu ndinazisiya pabwalo la ndege. Kuntchito ndimasambitsa madala achizungu osaphethira n'komwe, ndipo dokotala ndimamutsutsa ndikumuyang'ana m'maso. Ndinkayesa kuti nazonso izi zinatsala kumeneko, koma zinali zitabisala m'mafupa, zikungodikira mkamwini.

Miyezi inapita motero. Iwo akalowa pakhomo lakumaso, ine ndili kale kukhitchini, ndikudya chiimire pafupi ndi sinki, mtima uli mbee. Tsiku lina mwana wanga anandipeza komweko n'kutseka chitseko. Anayankhula Chingerezi chake chothamanga chija, chimene amachitulutsa akakhala kuti misozi ili pafupi. Anati munthuyu akufuna kumukwatira, koma akuona kuti ine sindimuwerengera. Anati Loweruka akufuna kutitengera kumalo amene amawakonda, kumapiri a kumalire a England ndi Wales, ndipo ali ndi mawu oti andiuze kumeneko. Kenaka anandiuza mosapsatira kuti Lowerukalo likadzakhala ngati masiku ena onsewa, iwo akamangitsa ukwati awiriwiri kuofesi ya boma, ine ndidzangoonera zithunzi pafoni.

Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ukwati wa mwana ameneyu ndinayamba kuulota asanamere mano. Komanso ndinapsa mtima. Ine sindiwawerengera? Ine amene ndakhala ndikudya chiimire miyezi yonseyi chifukwa cha iwowo? Ndinati mumtima, ndiye kuti ulemu wangawu wachepa, sukuoneka. Chabwino, Loweruka auona ndi maso awo.

Mawu a ukwati mayi salandira yekha, pamafunika nkhoswe. Mwamwayi mlongo wanga anali atangobwera chaka chomwecho pa viza ya ntchito yosamalira odwala, akukhala ku Coventry. Kwathu anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale, ndipo ngakhale kuno amasintha matewera a okalamba, amayendabe ngati belu la sukulu lili m'manja mwake. Ndinamuimbira foni.

"Achimwene, Loweruka muswape shifiti ndi wina. Mwana wanu akufunsiridwa."

"Zikomo kwambiri, achemwali, nkhani yabwino imeneyo. Venyu ndi kuti?"

"Akuti kuphiri."

"Ndiye kuti ndi hotela yapamwamba. Azungu amakonda ma-view."

Loweruka m'mawa anatsika sitima atavala suti yakuda ya zidutswa zitatu, chipewa, ndi nsapato zosongoka zowala ngati galasi. Ine ndinavala chovala changa chachitenje chimene ndimasungira maukwati, ndi duku lalikulu lolingana nacho. Ndinalongedza makontena a mpunga ndi nkhuku. Mwana wanga anatiyang'ana, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Chimene anakwanitsa ndi kundiveka mokakamiza nsapato zake zothamangira. Amalume ake anakana, akuti nkhoswe siyendera nsapato za mpira. Kenaka galimoto inafika, ndipo akamwini anatuluka atavala kabudula. Tsiku lofunsira mbeta, kabudula! Mlongo wanga anandinong'oneza kuti mwina suti ili m'buti.

M'galimoto ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa woyendetsa kuti maso athu asakumane. Ndinaiwala za kagalasi koonera kumbuyo. Ndikangodzutsa mutu, maso awo abuluu ali m'kagalasimo akundimwetulira, choncho ulendo wonse ndinayenda ndikuyang'ana mawondo anga. Misewu yakumeneko ndi yokhotakhota, ndipo mseru unayamba kundivuta. Akamwini anafunsa ngati ndili bwino.

"Achimwene, muwauze kuti ndili bwino," ndinatero.

Mlongo wanga anapereka uthengawo m'Chingerezi cha pa asembule ya kusukulu, ngakhale mwini wake anali atakhala pamtunda woti ndikanatha kuwakanda m'mutu. Mwana wanga, ali kutsogolo, anapumira m'mwamba.

Titadutsa matauni n'kulowa m'mapiri, mlongo wanga anayamba kusakhazikika. Anali atamva mawu oti malire.

"Kodi malire akunenedwawa ndi malire enieni? Ine pasipoti ndasiya ku Coventry. Asiponsa anga a viza sakudziwa kuti ndili kuno."

Mwana wanga anawafotokozera amalume ake kuti ndi dziko limodzi lomwelo, palibe chipata ngakhale msilikali.

"Nanga chikwangwani chadutsachi bwanji chalembedwa chilankhulo china? Mwana iwe, unabadwira kuno, sungamvetse. Ife a viza timayenda mochenjera. Ine ndiziyenda mbali ya England."

Chaka chimenecho kunali chilala chachizungu. Mapiri amene amakhala obiriwira chaka chonse anali atauma, udzu wofiirira, miyala yotuwa ili mbwee, dzuwa likuswa mtengo ngati la Okutobala kwathu. Akamwini anasangalala, akuti sanaonepo malowa akufanana chonchi ndi zipululu zawo zija. Tinaimika galimoto pafumbi pafupi ndi mpanda wa nkhosa. Panalibe nyumba, panalibe munthu. Mlongo wanga anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa ngati hotelayo ili kuseri kwa phiri. Akamwini anatsegula buti. M'buti munatuluka zikwama zakumsana ndi ndodo, suti munalibe.

Njira yake inali yopangidwa ndi nkhosa, ndipo kukula kwake kunali kwa nkhosa imodzi. Mbali zonse ziwiri kunali zitsamba zaminga yokhayokha, zotalika kufika m'chiuno. Akamwini anatsogola, mwana wanga pambuyo pawo, kenaka ine, ndipo kumapeto nkhoswe ikuterereka pamiyala ndi nsapato zake zosongoka. Zikanayenda bwino akamwiniwo akanakhala munthu wopanda khalidwe. Koma iwo analeredwa bwino, choncho atangoyenda pang'ono anaima, anamusiya mwana wanga adutse, n'kutembenuka kuti andidikire tiyendere limodzi.

Ndinapatukira muminga.

Ndinalowa mpaka zitsamba zinandibisa theka, n'kuima nkhope ili kuphiri, kudikira kuti adutse. Iwo ataona mayi wamkulu akulowa patchire mwadzidzidzi anaganiza zimene aliyense angaganize. Anatembenuka mwaulemu, n'kuyamba kuyang'ana mitambo, kudikira kuti ndimalize. Ine kudikira iwo, iwo kudikira ine, minga ikundilasa m'miyendo. Tikanakhala pomwepo mpaka lero mlongo wanga akanapanda kufika ali wefuwefu n'kunena kuti, "Kindly proceed, sir." Zimenezi zinachitika kangapo, ndipo akamwini anayamba kumufunsa mwana wanga monong'ona ngati amayi ali ndi vuto la m'mimba. Atanditambasulira botolo la madzi, ndinauza mlongo wanga kuti alandire, iye n'kundipatsira. Ndinkadziona kuti ndikuchita bwino kwambiri.

Kenaka tinafika pampanda wodutsa njira. Kumapiri akumeneko saika chipata, amakhoma timatabwa tokwerapo kuti munthu adumphe koma nkhosa zisadutse. Akamwini anakwera n'kutsikira tsidya linalo ngati mbalame, kenaka anatembenuka n'kunditambasulira dzanja. Taganizani. Ndikweze mwendo m'mwamba, nditavala chitenje, pamaso pa mkamwini wanga, dzanja langa lili m'dzanja lawo. Amayi anga akanatembenuka m'manda.

M'munsi mwa timatabwato ndinaona kabowo kokhala ndi kachitseko kokweza, kolowera agalu a anthu oyenda. Ndinagwada. Mwana wanga anati, "Mum, no," koma ine ndinali nditalowetsa kale mutu. Mutu unadutsa, duku linatsala. Mapewa anadutsa movutikira. Koma chimene Mulungu anandidalitsa nacho chakumbuyoku chinakana kwamtuwagalu. Ndinakhala pamenepo theka tsidya lino theka tsidya lina, nkhosa zitasiya kudya n'kumandiyang'anitsitsa.

"Achimwene, kankhani!"

"Ndikankhe pati, achemwali?"

"Kankhani basi, musandifunse mafunso a mayeso!"

Anakankha ndi phewa, chitenje chinalira kuti kwee, bondo langa linagunda mwala, ndipo ndinatulukira tsidya linalo chafufumimba. Akamwini anali atabweza dzanja lawo n'kuliika m'thumba la kabudula. Mwana wanga anatembenuka n'kupitiriza ulendo osandiyang'ana n'komwe. Mlongo wanga ananditolera duku, koma asanakwere anafunsa kaye ngati mpandawo ndiwo malire.

Bwinjalo linali kuseri kwa phiri, m'kachigwa kouma. Panali chumuni chachitali chanjerwa chitaima chokha, nyumba yamiyala yopanda denga, ndi mizere ya timakoma togumuka tofika m'chiuno. Mlongo wanga anavula chipewa, anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Odi kuno, eni malo. Ife tangobweretsedwa." Nsapato yake imodzi inali itayasamula kutsogolo.

Akamwini anayamba kufotokoza, mawu awo ali otsika kuposa m'mawa. Anati apa panali mgodi wa mtovu. Anthu ankachokera kutali, kusiya kwawo, kudzakumba pansi pa phirili chifukwa ndi kumene kunali ntchito. Timakomato tinali nyumba zawo. Anatisonyeza mwala wakuda pamene pankakhala moto, ndi mtengo wa maapozi wopindika umene mayi wina anadzala pakhomo pake, ukuberekabe popanda wothyola. Anati chimene amayendera m'mabwinja onsewa ndi chimenechi, kuti pakhale wina wobwera kudzaona kuti anthuwa anakhalako. Ine ndinkamvetsera nditawafulatira, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere. Ndinaganiza za ife a mashifiti, ndi nkhwani umene ndimalimbana nawo kuseri kwa nyumba yanga ku Wolverhampton. Ndinati mumtima, munthu uyu sadzamutaya mwana wanga.

Nthawi ya chakudya itakwana anayala nsalu pansi. Kenaka akamwini anatulutsa kakontena m'chikwama, makutu ali psuu, ndipo mwana wanga anati munthuyu wakazinga yekha mandasi, waphunzira pa intaneti chifukwa cha ine. Anandiikira kakontenako patsogolo. Mpongozi satafuna pamaso pa mkamwini. Ndinakatola nkhope ili kumbali, n'kupita nako kuseri kwa khoma la nyumba yopanda denga ija, kumene ndinakhala pamwala ndekha.

Mandasi amenewo, Mulungu andikhululukire, akanatha kumangira khoma lomwelo. Loyamba linatsala pang'ono kundichotsa dzino. Koma ndinkawaona m'maganizo munthu wamtaliyo ataima pachitofu, mafuta akumuthethekera, akufuna kukondweretsa mayi amene sanamuyang'anepo kumaso. Ndinadya limodzi, ndinadya lina, ndikumeza ndi madzi ngati mapilitsi.

Lomaliza lili m'kamwa ndinamva mapazi. Akamwini anazungulira khoma n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinatembenukira kukhoma msangamsanga, ndinaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kuyesa kuitana nkhoswe kuti idzalandire mawu. Koma ndasi linali litatseka njira, ndipo nkhosweyo inali patali pansi pa mtengo wa maapozi, itavula nsapato, ikuuzira matuza. Akamwini anakonza kukhosi. Kenaka anayankhula m'Chichewa, liwu limodzilimodzi, Chichewa choloweza pamtima.

"Amayi. Ndimamukonda mwana wanu. Ndikupempha kuti mundilole ndimukwatire."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Koma mawu otere mayi sayankha, ndipo ngakhale ndikanafuna, m'kamwa munali modzaza. Ndinangoti zii, nkhope kukhoma. Anadikira. Anadikirabe. Kenaka ananena motsitsa m'Chingerezi kuti amva, apepese povutitsa, ndipo mapazi aja anabwerera pang'onopang'ono.

Sipanapite nthawi, mwana wanga anatulukira ngati kamvuluvulu, nkhope yonse ili misozi. Chingerezi chinkatuluka ngati madzi a pampopi wothyoka. Anati munthuyu wakhala milungu akuloweza mawu amenewo m'bafa. Anati ndinalolera kukwawa pabowo la agalu kusiyana ndi kukhudza dzanja lake. Anati uja wathalauza logwa ndinkacheza naye, uja wadyera ndinkaseka naye, koma yekhayu amene ali wabwino ndikumuona ngati wakhate. Anafunsa ngati chifukwa chake ndi khungu. Pomaliza anati basi, zatha, ukwati wawo ine sindidzauona.

Ndinameza ndasi lija ndi mphamvu zanga zonse.

"Iwe, wapenga? Ndimuda ndani? Aja ndinkaseka nawo chifukwa sanali kanthu! Munthu amapewa mlendo wongodutsa? Ndikuwapewa chifukwa ndi akamwini anga! Ndinawavomera tsiku lomwe anavula nsapato pakhomo panga!"

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mlongo wanga anali atafika, akutsimphina, nsapato zili m'manja, ndipo atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsamira khoma la eni ake.

"Mwana iwe, amayi akowa akuchita zochepa. Agogo ako anakumanapo ndi malemu bambo ako panjira ya kudimba, n'kupatukira m'munda wa fodya ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Mwatsoka njinga ya bambo ako inaphwera pomwepo. Iwo osadziwa kanthu anakhala pansi n'kuyamba kumata chubu, kuimba nyimbo, kudya nzimbe. Agogo ako anatuluka m'mundamo dzuwa litapendeka, khosi litauma. Ndipo panalibe mkamwini amene ankamukonda kuposa bambo ako."

Mwana wanga anayang'ana kakontena kopanda kanthu kali pamwala. Anafunsa ngati ndataya mandasiwo.

"Ndadya onse. Ukawauze kuti ulendo wina aziikako yisiti."

Anayamba kuseka akulira, n'kundifunsa chifukwa chake sindinamuuze miyezi yonseyi.

"Unandifunsa? Safunsa anadya phula. Ine ndimayesa mwana aliyense amabadwa akudziwa."

Ndinamukokera pachifuwa panga. Ndinamuuza kuti munthuyo ndimamukonda, ndipo kuti chiyambire tsiku lija kukhitchini sindinagone bwino poopa kutaya mwana wanga yekhayo. Anapukuta mphuno ndi duku langa la maukwati n'kuthamangira kuchumuni, kumene akamwini anali ataima okha, manja m'thumba. Ndinasuzumira pamng'alu wa khoma. Ndinaona mwana wanga akuloza ine, akuloza minga, akuchita ngati akukwawa. Ndinaona akamwini akugwira pamutu ndi manja onse awiri.

Zotsatira zake zinayenda mwadongosolo. Mlongo wanga anavalanso nsapato, anamanga mabatani a jekete, n'kukhala pamwala wa pakhomo pa nyumba ya wokumba mtovu wina amene anafa kalekale. Akamwini anakhala pansi pafumbi ndi kabudula wawo n'kubwerezanso mawu aja. Nkhoswe inayankha ndi mawu ataliatali, kuyambira mbiri ya banja lathu, kudzera pa kufunika kwa maphunziro, mpaka inafika ponena kuti mawu tawamva, koma mwamwambo tikafunsa kaye akuluakulu kumudzi, yankho lidzabwera m'tsogolo muno. Apa ine ndinalephera kupirira.

"Achimwene, musatalikitse nkhani padzuwa pano!" ndinakuwa ndili kuseri kwa khoma. "Akuluakulu ake ndi ati? Avomereni!"

Anawavomera.

Pobwerera ndi pamene ndinaona kuti walira mvula walira matope. Akamwini anga ndi munthu amene akaphunzira chinthu amachigwira ndi manja awiri. Ndikangoyandikira pang'ono, iwo ankadumphira muminga ndi miyendo yawo yosavala, n'kuima chilili nkhope ili kumbali. Inenso mwachizolowezi ndinkapatukira mbali inayo. Njira yonse inkatsala ya mlongo wanga yekha, amene ankadutsa pakati pathu akutsimphina ngati mlendo wolemekezeka pa perete. Mwana wanga anaseka mpaka kukhala pansi.

Koma bondo limene ndinagunditsa pamwala lija linali litatupa, ndipo pofika pampanda uja linakaniratu. Kugwada kuti ndilowenso pabowo la agalu sindikanatha, ndipo kunena zoona sindinkafunanso. Ndinakwera thabwa loyamba, ndinakwera lachiwiri, ndinadutsitsa mwendo, kenaka ndinakakamira pamwamba, pansi pakuoneka patali. Mwana wanga ndi wochepa thupi, ndikanamugwera ndikanamuthyola. Mlongo wanga anali akulimbana ndi mapazi ake. Ndinachita mantha enieni.

Akamwini anali atadutsa kale, ataima patali ndithu mwaulemu. Ndinawamva akubwerera. Anabwera chambuyo, pang'onopang'ono, msana uli kwa ine, mpaka anafika pansi pa timatabwato. Sanatembenuke. Anangotambasulira dzanja kumbuyo, nkhope ili kumapiri a ku Wales, n'kudikira.

Ndinaliyang'ana dzanjalo. Linali lokalikakalika ndi minga, magazi atauma m'mizeremizere, ndipo minga imeneyo anailowa chifukwa cha ine. Ndinatembenuzira nkhope yanga ku England n'kuligwira. Linali lolimba. Ndinatsamira ndi thupi langa lonse, ndipo silinagwedezeke mpaka mapazi anga onse anafika pansi.

Ukwati unachitikira kutchalitchi kwathu ku Wolverhampton, chinkhoswe chitachitika kale mwadongosolo, ndipo ndinavina mpaka bondo lija linandikumbutsa za bowo la agalu. Mlongo wanga amauzabe anzake ku Coventry kuti anafika pamalire koma sanawoloke. Kumabwinja sindinapitekonso, ndipo sindidzapitanso.

Tsiku lija pampanda mwana wanga anatijambula osatiuza. Chithunzicho chili pakhoma pabalaza panga: mayi wachitenje chong'ambika ali pamwamba pa mpanda, mzungu wakabudula ali pansi, wina akuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo, atagwirana dzanja zolimba. Amayi akutchalitchi akabwera amachiyang'anitsitsa. Tsiku lina mmodzi wochokera ku Zambia anafunsa kuti anthuwa anayambana chiyani. Ndisanatsegule pakamwa, mwana wanga, amene chibadwire sanayankhepo mlendo m'chilankhulo chathu, anayankha ali kukhitchini, m'Chichewa chake chopindika ngati mtengo wa maapozi uja.

"Sanayambane, anti. Ndi apongozi ake."